Mmene Ndinakwechera Maphunziro a Mng'ono Wanga

Kwathu kuseri kwa Nsaru, mukafunsa kuti mapoto owala ali pakhomo pa yani, ngakhale amene sitilankhulana adzakulozerani kwa ine. Mchenga ndimakatapa ndekha kudambo, pamalo pamene sindiuza munthu, ndipo phulusa ndimachita kusefa pansalu. Poto wanga akakhala pathandala, atambala amabwera kudzamenyana ndi nkhope zawo. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwiretu kuti zimene ndinachitazo sindinazichite mwaulesi. Ndinawononga mwaluso, ndi mtima wanga wonse.

Tinabadwa awiri, akazi okhaokha. Ine wamkulu ndinatsala pamudzi, kulima mtedza ndi kusamala abambo chimwalirireni amayi. Mng'ono wanga ndiye anatenga mutu wonse wa pabanja pathu. Abambo, amene anaphunzitsa kupulayimale mpaka kupuma ndiponso ndi mkulu wa mpingo, anali atamusankhira ntchito akadali wakhanda. Adzakhala dokotala, adzavala zoyera, adzadutsa pachipatala anthu akumupatukira. Mwana anakhoza mayeso onse, anapita kunja, n'kukasankha kuphunzira za zitsulo.

Nkhaniyi abambo inawakhala pakhosi. Kwa iwo munthu wa zitsulo anali mmodzi basi, bambo uja wowotcherera ngolo pa Nsaru, wa ovolosi yobooka m'mawondo. Choncho munthu akawafunsa kuti mwana uja akuchita chiyani kunjako, ankakonza kolala n'kuyankha kuti, "Akadali pasukulu." Zaka zinadutsa. Mwana anamaliza, anatumiza chithunzi atavala chisoti chawo chija, anayamba ntchito, koma pakamwa pa abambo anali akadali pasukulu. Iye ankadziwa, chifukwa ine ndinkamuuza pafoni. Ndinkati ndikungomuseketsa, koma lero ndikuvomera kuti ndinkamvako kukoma.

Anabwera nthawi yotentha, tikusosa m'minda. Anafika Lachisanu madzulo ndipo amayenera kunyamuka Lolemba m'mawa. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, akulu a mpingo ndi amayi angapo amadzabwera kudzamuona, ndipo tonse atatu tinkadziwa kuti funso lija lidzafunsidwanso, ulendo uno mwini wake ali pomwepo. Ine anandibweretsera nsapato zimene zinandithina, abambo jekete. Kenako anatulutsa kabokosi m'chikwama cha m'manja, n'kukatsegula ngati muli dzira.

Pathonje panali kachitsulo, kukula kwake ngati bokosi la machesi. Ndinadikira kuti mwina pansi pali china. Panalibe. Ndipo kachitsuloko sikanali kokongola n'komwe. Pamwamba pake panali mbuu, pali mawanga ndi mikwingwirima, ina yakuda ina yotuwa, ndendende poto wotsukidwa ndi munthu amene akufulumira kumsika.

"Dzina lake ndi titaniyamu," anatero mng'ono wanga. "N'chopepuka, n'cholimba, sichichita dzimbiri. Amapangira ndege, komanso amaika m'chiuno mwa munthu fupa likathyoka. Koma ichi sichinasulidwe ayi, abambo. Makina amasungunula waya n'kumasanjika pang'onopang'ono, mzere pamwamba pa mzere, monga timamangira nyumba ya mdindo. Kameneka ndinadula pakhoma loyamba limene linandituluka bwino."

Abambo anaima patali, manja kumbuyo, ngati akuyendera kalasi ya mphunzitsi wina. "Madzulo maso anga sagwira," anatero. "Tiona mawa."

Mng'ono wanga anatseka kabokosi n'kukaika pakabati. Kenako anatembenukira kwa ine. "Achemwali, chonde, musachikhudze pamwamba apa."

Mawu amenewo anandilasa. Ine amene ndinamubereka kumbuyo, ine amene ndinamupukuta mamina, lero manja anga ndi oti asakhudze kachitsulo? Ndinangotenga nsapato zanga zothina n'kutuluka. Koma amene amandidziwa amadziwa kuti ndikakhala chete ndiye kuti zinthu zaipa.

Loweruka m'mamawa iye ndi abambo anapita kukalonjera azakhali kumudzi wa patsidya. Ine ndinatsala ndi ntchito yanga. Pakhomo pathu sitigwira ntchito Lamulungu, limenelo ndi lamulo la abambo, ndipo ngakhale tsache limapuma. Tsono kukakhala kukubwera alendo, chilichonse chachitsulo chimatuluka panja Loweruka n'kukomana ndi mchenga. Ndinakwecha mapoto, ketulo, masupuni, mbale za alendo, mpaka chogwirira cha chitseko. Nditamaliza ndinalowa m'nyumba kuti ndione chimene chatsala, ndipo maso anga anagwera pakabokosi.

Ndinakatsegula. Mawanga aja anandiyang'ana, inenso ndinawayang'ana. Ndinaganiza za amayi a kumpingo aja, amene amatha kuona mwaye kunsi kwa poto ali kumsewu. Adzalowa m'nyumba mwanga, chilichonse chikuwala, kenako mwana wathu wa kunja adzawatulutsira chitsulo chakuda? Kodi kunjako kulibe mchenga? Ndinamumvera chisoni ndithu. Chisonicho chinali chosakanikirana ndi kamtima kena kofuna kumuonetsa kuti sukulu siphunzitsa zonse, koma panthawiyo ndinkangomva chisoni chokhacho.

Chitsulo chimenecho n'chamakani, ndisaname. Poto amagonja msanga, koma ichi chinandikhetsa thukuta. Ndinasintha mchenga katatu. Ndinachigwira ndi phazi. Dzuwa lili pakati mawanga onse anali atapita, ndipo ndinachiika pathandala pakati pa masupuni, pamalo poti munthu akangolowa pabwalo achione.

Atangobwerako, mng'ono wanga anachiona. Mawu amene anatulutsa sindinawamvepo kwa munthu, koma kwa mbuzi imene yakodwa pachingwe. Anathamangira pathandala, anachinyamula, anachitembenuza, anachipendeketsa padzuwa, kenako anangokhala pansi padothi ndi diresi lake labwino.

"Achemwali, mwatani?"

"Ndatsuka," ndinatero. "Osathokoza?"

"Mawanga aja ndiwo anali ntchito yanga!"

Ndinaganiza kuti dzuwa lamupweteka. Koma anafotokoza, misozi ikutsika, akuloza kuminda. Anati chitsulo chimaoneka ngati chinthu chimodzi, koma m'kati mwake muli tinthu tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tondandalikana m'mizere mwadongosolo. Mizereyo siloza kumodzi monse. Ili ngati minda yoyandikana: wa uyu mizere yaloza kudambo, wa uyo yaloza kumsewu, ndipo pakati pali malire. Munthu ukaima pachulu dzuwa litapendeka, munda wina umaoneka wakuda, wina wotuwa, pomwe dothi ndi limodzi. Kulimba kwa chitsulo, kapena kuthyoka kwake, kumachokera pa mmene mindayo yakhalira. Kuti ioneke, anasalaza pamwamba paja masiku ambiri, kenako anapaviika mu asidi. Ine ndinali nditafafaniza zonsezo usanakwane ndi mmawa umodzi womwe.

Abambo anatenga kachitsulo, anakayang'ana uku ndi uku. "Chawala bwino," anatero. "Koma nanga chooneka n'chiyani apa? Chitsulo basi."

Mng'ono wanga anatulutsa foni msangamsanga. "Zithunzi zilipo, abambo. Taonani."

"Pafoni ndinaonapo mbuzi ikupalasa njinga," anatero abambo, n'kulowa m'nyumba.

Apo m'pamene manyazi anandigwira. Mwana anali atawoloka nyanja ndi chinthu chimodzi choti aonetse bambo ake, ndipo mawa lake amayenera kukhala pampando kumva ndi makutu ake kuti akadali pasukulu. Ndinakhala naye pansi pomwepo. Kupepesa sindikutha bwino, pakamwa panga pamauma, choncho ndinangofunsa kuti, "Kodi unasalaza bwanji?"

Anati ndi sandipepa. Umayamba ndi wokhakhala, ukuthira madzi, ukukhuza mbali imodzi yokha. Ukasintha kupita pa wosalalirapo, umatembenuza chitsulo kuti mikwingwirima yatsopano idutse yakale, mpaka yakaleyo itheretu. Kenako wina wosalala kuposa pamenepo, mpaka pamapeto nsalu ndi mankhwala.

Ndinamuyang'ana. "Iwe, ndiye kunja konseko unapita kukakwecha eti?"

Anafuna kukwiya, koma kuseka kunamutsogolera, mamina ndi misozi zonse pamodzi. Ndinafunsa za asidi, ngati wa m'batire angathandize. Anati ayi, wawoyo ndi wina, woopsa, amadya mpaka fupa, ndipo sangapezeke pa Nsaru. Anapukuta misozi. Kenako anati pali njira ina imene anaiwerengapo koma sanaiyesepo: moto. Titaniyamu wosalala bwino akatenthedwa amasintha mtundu, ndipo munda uliwonse umagwira mtunduwo pa liwiro lake. Koma pamafunika ng'anjo yoyezera kutentha, osati mbaula.

"Mbaula yanga sinandichititsepo manyazi," ndinatero. "Dzuka."

Ndinakwera kabaza mpaka pa Nsaru. M'mashopu ndinapeza sandipepa wokhakhala yekhayekha, wa akalipentala. Wosalala ndinakamupeza kwa yani? Kwa bambo uja wa ovolosi yobooka, amene amapentanso magalimoto kuseri kwa shedi yake. Anandipatsa timapepala titatu, kena kosalala ngati tsamba la nthochi. Atafunsa kuti n'zachiyani, ndinati n'za ntchito ya mng'ono wanga. Anagwedeza mutu mwaulemu n'kunena kuti anamva kuti mwanayo ndi mnzake pantchito. Zimenezo abambo sindinawauze.

Tinayala sandipepa pagalasi la zenera losweka limene tinali titasunga kuseri kwa nkhokwe. Mng'ono wanga anayamba ndiye. Ndinamuonerera kanthawi ndipo mtima unandiwawa. Zaka zonsezo za sukulu, koma dzanja lake linkagwedera, chitsulo chikupendama, m'mbali mukudyeka kusiya pakati. Kunjako, ndinamva, ali ndi makina ozungulira amene amawagwirira ntchitoyo.

"Bweretsa kuno," ndinatero.

Iye ankandiuza koloza ndi nthawi yosintha pepala, ine ndikukhuza. Ndikafuna kuzungulitsa dzanja monga ndimachitira ndi poto, ankakuwa. Akafuna kundifulumizitsa, ndinkakuwa ine. Pamapeto ndinatenga phulusa langa losefa kawiri, ndinasakaniza ndi mankhwala otsukira mano, n'kupaka pakansalu kofewa. Iye anati zimenezo sizili m'buku lililonse. Ndinati mabukuwo sanafike kwathu. Nditamaliza, anatulutsa kagalasi kokulitsira zinthu, anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena motsitsa kuti, "Achemwali, kuntchito kwathu akanakulembani." Ndinachita ngati sindinamve, koma mawuwo ndawasunga mpaka lero.

Tinakoleza mbaula, tinaika kachidutswa ka lata pamwamba. Ine chifukwa cha njala ndinali nditayamba kukukuta mtedza wokazinga. Ndinanyamula kachitsulo ndi dzanja lomwelo n'kukaika palata. Tinadikira. Poyamba palibe chimene chinachitika. Kenako kanayamba kuoneka ngati udzu wouma, kanafiirira, kanasanduka kapepo, ndipo m'mbali munayamba buluu. Mng'ono wanga anakachotsa ndi masupuni awiri. Ine osadikira n'komwe kuti aone, ndinali nditafuula kale.

"Abambo! Tabwerani mudzaone!"

Anatuluka. Anavala magalasi awo, ndipo pamwamba pake anavalanso a malemu amayi, monga amachitira akafuna kuwerenga tizilembo ta pa botolo la mankhwala. Anawerama. Anakhala choweramira nthawi yaitali. Ataweramuka nkhope yawo inali itasintha.

"Ndaona," anatero. "Ndaona ndithu. Mizere yozungulira, ina m'kati mwa inzake, yosakhudzana. M'kati mwa chitsulo! Ntchito za Mulungu n'zodabwitsa, ana inu."

Ndinasuzumira. Pakati penipeni pa kachitsulo, mwa buluu wokongola, panali chala changa chachikulu. Mafuta a mtedza anali atapserera pomwepo, mzere uliwonse ukuoneka, ngakhale kachipsera kamene ndinadzicheka ndi chikwakwa. Ndinamutsina mng'ono wanga pantchafu. Ndinamuyang'ana ndi diso lakuti khala chete, wapambana, mkuluyu wagonja, mawa akakutchula bwino pamaso pa anthu. Iye anachotsa dzanja langa pantchafu pake.

"Abambo," anatero, "chimenecho ndi chala cha achemwali."

Ndikanakhala ndi chipande pafupi ndikanamugenda nacho. Abambo anayang'ana kachitsulo, anagwira dzanja langa, anatembenuza chala, anayerekeza. Kenako anavula magalasi onse awiri n'kumuyang'ana mwana wawo.

"Ukanakhala chete ndikanakhulupirira."

"Ndikudziwa, abambo."

"Nanga bwanji?"

"Si zimene ndinabwera kudzakuonetsani."

Abambo anayang'ana kumadzulo. Dzuwa linali litayamba kutsikira kumabulugama a kumalire, ndipo likalowa ntchito pakhomo pathu imatha mpaka Lolemba. "Likadalipo," anatero. Anakoka kampando, anakhala pafupi ndi mbaula, anatenga chivundikiro cha poto n'kuyamba kukupiza makala. Chibadwire changa ndinali ndisanawaonepo abambo atakhala pambaula.

Ndinakhuzanso. Ulendo uno sitinakangane, nthawi panalibe. Zala zinatupa, msana unauma. Mng'ono wanga anatsuka kachitsulo ndi spiriti wotsukira mabala, ndipo anandilamula kuti ndiike manja kumbuyo ngati mwana wolangidwa. Abambo anakupiza mopitirira muyeso mpaka phulusa linatibwerera kumaso, ndipo mwana wawo anawadzudzula kuti achepetse. Anachepetsa osayankha. Mitundu ija inabweranso, udzu wouma, kufiirira, pepo. "Basi!" anakuwa, n'kukachotsa.

Sindinama kuti zinatuluka bwino zonse. Theka linangokhala bii, lopanda kanthu. Koma mbali inayo, atakapendeketsa pakadzuwa kotsalako, panaoneka timinda titalititali, kena kapepo, kena kabuluu, kena kotuwirako, toima moyandikana kuchokera pansi mpaka pamwamba. Tinali tozimiririka, koma tinalipo. Mng'ono wanga anagwira pakamwa.

Abambo anavalanso magalasi awo awiri. Choyamba anayang'ana chala changa, kuti atsimikize. Kenako anayang'ana kachitsulo, akukapendeketsa monga anaonera mwana wawo akuchita. Uphunzitsi unawabwerera.

"Iwe unati khomali limamangidwa mzere pamwamba pa mzere, chopingasa. Nanga bwanji mindayi yaima chilili, yadutsa mizere yonse?"

Mng'ono wanga anayankha mofulumira ngati ali pamayeso. Anati mzere watsopano ukamathiridwa umasungunulako pang'ono wapansi pake. Pozizira, tinthu tija timandandalikana motsatira mmene apansiwo anakhalira. Wotsatirawo nawonso chimodzimodzi, ndiye munda umodzi umangokwera, kukwera, mpaka pamwamba.

"Ndiye n'zabwino," anatero abambo mokhutira. "Dongosolo."

"Ayi, abambo. Ndilo vuto lake. Chitsulo chotere mbali ina chimapirira, koma ukachikoka mbali inayo sichichedwa kugonja. Ntchito yanga ndi kupeza njira yoti mzere watsopano uziyamba minda yakeyake, ing'onoing'ono, yoloza kosiyanasiyana. Chikatero chimalimba mbali zonse."

"Ndiye amakulipira kuti uziletsa wapamwamba kutsatira wapansi?"

"Eya, abambo."

Abambo anatembenuzatembenuza kachitsulo mpaka dzuwa linagwera kuseri kwa mitengo. "Ndi mwano umenewo," anatero pomaliza. Anakulunga kachitsulo m'kampango kawo n'kulowa nako m'nyumba, osanenanso china. Ine ndi mng'ono wanga tinayang'anana. Sitinadziwe ngati tapambana kapena tangotha makala.

Lamulungu alendo anabwera monga anapanganira. Anadzaza pabalaza, ndipo amayi aja anayendetsa maso pa ketulo ndi masupuni anga osapeza chonena. Mng'ono wanga ankagawa tiyi, atavala chitenje changa chifukwa diresi lija linali lisanachapidwe. Tinapemphera, tinafunsana za maliro ndi za mvula. Kenako mkulu wina wokalamba, mnzawo wa abambo wa kalekale, anaika kapu pansi.

"Nanga mwanayu, aphunzitsi, akadali pasukulu kodi?"

Mng'ono wanga anaima pomwepo, thireyi ili m'manja. Abambo anakonza kolala, ndipo mtima wanga unagwa, chifukwa kolalayo ndinkaidziwa. Koma dzanja linapitirira mpaka m'thumba la jekete yatsopano ija. Anatulutsa kampango, anakafunyulula patebulo pang'onopang'ono. Mayi wina anatambasula dzanja.

"Musakhudze pamwamba apa!" anakuwa abambo, ndipo ngakhale dzanjalo silinali langa, anayang'ana ine.

Kenako anaimirira n'kuyamba kuphunzitsa. Ananena za mdindo, za minda, za malire. Zina anasokoneza, dzina la chitsulo analitchula mitundu itatu, ndipo anawonjezera kuti kachidutswako kanachokera pa phiko la ndege, zimene palibe anawauza. Alendo anafola mmodzimmodzi, manja kumbuyo, akubwerekana magalasi a malemu amayi. Mkulu wokalamba uja anasuzumira, anagwedeza mutu, koma funso lake sanaliiwale.

"Ndiye kuti sukulu anamaliza?"

"Anamaliza kalekale," anatero abambo. Mawu awo anatsika, ndipo sankayang'ananso mkuluyo, ankayang'ana mwana wawo. "Amene anali akadali pasukulu ndine."

Ndinafulumira kumulanda mng'ono wanga thireyi isanagwe. Anatuluka osapempha, ndipo ndinakamupeza kuseri kwa thandala atabisa nkhope m'chitenje changa, mapewa akugwedezeka. Ndinaima pambali pake ndi makapu a alendo m'manja, ndikufunafuna mawu oti ndimuseke nawo monga mwa masiku onse. Sindinawapeze, ndipo tiyi anazizira tili pomwepo.